Wachisanu Anali Kenan

Lolemba, 5 Okutobala 1987

Kutentha koopsa. Fumbi mpaka m'mano. Ana 94 mu Sitandade 6, choko timitengo titatu. Malipiro sanafike.

Madzulo wayilesi ya kunja, motsitsa, zenera lotseka. Mzungu uja tinathamanga naye ku Ulaya mu 1970 wamwalira. Mtima, zaka 44 zokha. Amukamba mphindi khumi zathunthu: kumene anabadwira, nsapato zimene ankavala, mkazi wake akulira. Mpaka galu wake amutchula dzina. Akuti pa mpikisano wake woyamba wa mayiko, wa mamita 10,000, anali wachisanu ndi chimodzi. Wachisanu sanamutchule.

Wachisanu anali Kenan Mwambelo wa konkuno ku Lupembe. Ndinalipo ine, ndinakuwa mpaka mawu kutha. Wanga wa mamita 800 ndinali nditathamanga dzulo lake. Womaliza, wotsekera anzanga chitseko.

Mkazi wanga Lettie: "Zimitsani icho bambo a Violet, mukufuna ana akule opanda bambo?"

Mawa ndikamuuze Kenan. Aseka. Mwina saseka. Kwake ndi pafupi, mphindi makumi awiri wapansi, koma chaka chino ndapondako kamodzi.

Lachinayi, 8 Okutobala

Sindinapite. Lachiwiri msonkhano wa aphunzitsi. Lachitatu mutu. Wamantha sasowa chifukwa.

Kenan watisiya lero mbandakucha. Chifuwa chomwe anatuluka nacho kundende chija.

Zaka zinayi m'menemo, 1976 mpaka 1980, mlandu osazengedwa. Tchimo lake kalata imodzi ya sitampa ya ku Dar es Salaam, wothamanga mnzake kumuitanira mpikisano. Anaitsegula ena mwini wake asanaione. Ine apolisi atandiitana kukandifunsa ndinati, "Ndimangomudziwa nkhope." Munthu woti tinagona chipinda chimodzi milungu itatu, juzi yake ndinavala ine kuzizira kwa ku Ulaya. Izi sindinazilembepo paliponse. Lero ndalemba.

Atanditumiza kudzaphunzitsa kuno mu 1982 ndinadziwa kuti Mulungu ali nane chifukwa. Kenan sanandifunsepo kanthu. Ankangondikokera mpando n'kundiwotchera nthochi, miyendo ili yotupa ngati mitondo.

Kusiwa masana. Yunike, mkazi wake, anandiitanitsa m'nyumba. Mawu ake ndiwalembe ndisanawaiwale: "Alamu, mbiri yowerenga kumanda mulembe ndinu. Ine sindinamuonepo akuthamanga, yayi, ndinkangomva. Iye sankakamba. Ana awa amadziwa kuti dada wawo anali mkaidi, basi, anzawo amawati ana a chigawenga. Amve pagulu, kwa munthu amene anaona ndi maso."

Ndinavomera msangamsanga. Kuvomera sikulemera.

Lachisanu, 9 Okutobala

Ndalemba masamba awiri a kope. Dzanja linkangopita lokha. Kubadwa 1946. Kuthamangitsa ng'ombe za bambo ake m'dambo ali mwana. Kusukulu mamailosi asanu ndi awiri, kupita n'kubwerera, chothamanga. Ku Zomba kukana nsapato za misomali, akuti zikumuluma. Tsiku lija ku Ulaya: mvula yowaza, kuzungulira bwalo ka 25, pa ka 20 ali wa nambala 12, kenako kuyamba kuwatola mmodzimmodzi. Azungu kuimirira, kukuwa "Malawi, Malawi," ena osadziwa n'komwe kuti dzikolo lili kuti. Mphindi 29. Atamaliza anandifunsa ngati kuli tiyi.

Ndalira polemba. Mwamuna wamkulu, ana anayi.

Chakumadzulo a Morton, wapampando wa chipani m'dera lino. Mbiri ya maliro imayamba yadzera kwa iwo, ndi mmene zilili tsopano. Cholembera chofiira anabwereka changa chomwe, chochongera ana. Mzere umodzi wautali kuyambira 1968 mpaka 1980. Amanditchula asambizgi, ndiye kuti aphunzitsi m'chiyankhulo cha kuno.

"Asambizgi, munthu uyu dzina lake silinayeretsedwe. Mukati anathamangira dziko, anthu afunsa kuti nanga anasiyiranji. Muwayankha ndinu?"

Si munthu woipa. Ndi msuweni wake weniweni wa Kenan, m'mawa ndinamuona akulira kuseri kwa khola. Potuluka anangoti, "Nanenso ndili ndi ana."

Yatsala mizere isanu ndi iwiri. Anabadwa, anabatizidwa, anakwatira, ankalima mpunga, wasiya ana atatu.

Ndakopera yonse papepala lina. Yathunthu m'thumba lakumanja, yodula lakumanzere. Mawa ndiwerenga yathunthu. Zivute zitani.

Loweruka, 10 Okutobala

Taika. Kuseri kwa nyumba yake, m'nthochi, monga amachitira kuno.

Anthu ochepa. Achinyamata a chipani anayi, malaya ofiira, chiimire pansi pa mango. Sanachite kanthu. Sanafunikire kuchita kanthu.

Abusa anandiitana. Dzanja linalowa kumanzere lokha. Mizere isanu ndi iwiri, mphindi imodzi sinakwane. Ndikupinda pepala, Yunike anadzutsa mutu pakati pa amayi.

"Alamu, mwamaliza?"



Ndinati ndamaliza.

Lamulungu, 11 Okutobala

Kutchalitchi sindinapite. Lettie akuti ndinachita bwino, ndinaganizira ana. Ndamukalipira ngati wolakwa ndi iye. Walira. Palafini watha. Ndikudzida.

Lachitatu, 14 Okutobala

Kugona kulibe. Funso lija likungondilira m'khutu.

Ndapeza njira. Pakamwa panandikanika, koma kulemba ndimatha. Ndatumiza mbiri yonse kwa mkonzi wa zamasewera wa nyuzi ya Loweruka ku Blantyre. Ndayambira pa imfa ya mzungu uja, poti imeneyo aifuna, kenako ndati: kodi mukudziwa kuti Mmalawi anamuposa? Dzina la Kenan kasanu ndi kanayi, ndawerenga. Za ndende sindinatchule. Pansi dzina langa lonse, Elliot Chinkhombe, ndi la sukulu.

Ndakaponya ku boma, osati pa positi yathu pano pomwe kalaliki amadziwa zilembo zanga. Basi kupita n'kubwerera, ndalama ya ndiwo ya masiku awiri.  Pobwerera ndinagula mango, ndinadya atatu. Chakudya choyamba kuchimva kukoma chiikireni maliro.

Lettie sindinamuuze.

Loweruka, 17 Okutobala

Kwa Yunike. Wameta, wavala zakuda, akupeta mpunga. Sanandikokere mpando. Ndamuuza chiimire za kalata, kuti adikire nyuzi, dziko lonse liwerenga, osati anthu makumi anayi a kumanda okha.

Anapitiriza kupeta. "Yewo. Hilda amawerenga bwino Chichewa, adzatiwerengera tonse."

Hilda ndi woyamba wa Kenan, Sitandade 8 pasukulu pathu. Miyendo italiitali ya bambo ake. Pa masewera sathamanga nawo, amati akumva mutu.

Lachiwiri, 27 Okutobala

Nyuzi ya Loweruka imafika kuno Lachiwiri, pa basi, itakwinyika. Mulibe. Mpira wokhawokha.

Galimoto iliyonse ikaima pamsewu ndimasuzumira pazenera. Dzulo Landirova pasukulu, ndinasiya choko pakati pa samu. Anali a katemera.

Lachiwiri, 3 Novembala

Mulibe. Lettie wadziwa, ndinayankhula kutulo. Sanakalipe. Wangotenga wayilesi n'kukaikwirira m'thumba la mpunga, kenako wandichapira malaya awiri ndi bulangete n'kuziika pafupi ndi chitseko. Bola akanakalipa.

Malipiro afika, osakwanira. Mvula ikungolonjeza.

Mwina anaitaya. Mtima wina ukuti zikomo Ambuye ngati anaitaya. Ndi mtima umenewo umene unandilowetsa dzanja kumanzere.

Lachiwiri, 10 Novembala

Yatuluka.

Ahedi anabwera nayo chothamanga mpaka m'kalasi, thukuta kamukamu. Tsamba lomaliza, zilembo zikuluzikulu: MPHUNZITSI WA KU KARONGA ANAPOSA KATSWIRI WA KU ULAYA.

Zonse zilimo. Ng'ombe m'dambo. Mamailosi asanu ndi awiri. Nsapato zoluma. Mvula, ka 20, nambala 12, mphindi 29, tiyi. Sanadule liwu ndi limodzi lomwe. Angochotsa Kenan paliponse, kasanu ndi kanayi, n'kuikapo Elliot Chinkhombe.

Ine kuthamangitsa ng'ombe za bambo anga! Bambo anga ku Ntcheu analibe ndi mbuzi yomwe.

Ndakhala ndikuganiza mmene zinakhalira. Wina kumeneko anayang'ana dzina, anapeza kuti n'losatchulika. Nkhani n'kumukomera, kutaya n'kumva chisoni. M'timu ya 1970 dzina langa lilimodi. Ndiye wasoka chigamba. Mwina akuganiza kuti wandipulumutsa. Mwina wandipulumutsadi.

Aphunzitsi anzanga kundigwira chanza, kundinena kuti ndine wobisa. A Morton anadutsa madzulo. "Mwaona asambizgi, yatuluka bwino." Maso ali pa njinga yawo.

Sindinatsutse aliyense. Ndinkangoti aa, ndi zakale.

Lachinayi, 12 Novembala

Yunike pachipata cha sukulu, nthawi yoweruka. Nyuzi m'manja, yobwereka kwa abusa. Hilda anawawerengera dzulo, mayi ake ndi ang'ono ake awiri, agogo awo ali pomwepo. Akuti mwanayo anawerenga mpaka pa tiyi, osaima.

Sanakweze mawu. "Alamu, mukanangokhala chete ngati kumanda kuja. Kuja munangomubisa. Uku mwamulanda."

Ndinalumbira kuti sindinalembe choncho, ndinati ndili ndi pepala lenileni kunyumba, abwere aone. Anati pepala la m'nyumba mwanga ana ake liwathandiza chiyani.

"Ngati analakwitsa ndi iwo, lembaninso. Muwauze."

Ndinati ndilemba.

Loweruka, 14 Novembala

Ndayamba katatu, ndang'amba katatu. Kalata yoyamba ija munthu akanati sindinkadziwa kuti dzinalo n'loletsedwa. Yachiwiri ndiye kuti ndikudziwa, ndipo ndikuumirira. Kumeneko n'kudziitanira Landirova ndi dzanja langa.

Lettie wachotsa malaya ndi bulangete pachitseko. Akuimba nyimbo potsuka mbale.

Chonyansa kwambiri ndi ichi. Nkhaniyo ndaidula ndi lezala, ndaiika m'Baibulo. Ndaiwerenga kasanu ndi kawiri. Pena pake ndinamva mvula ija pankhope, ndinamva anthu akukuwa, ndipo miyendo inali yanga. Zaka 17 ndakhala munthu amene anamaliza kumbuyo. Zinandikomera. Mulungu andikhululukire, zinandikomera.

Uthenga wochokera kwa ahedi: mkulu wa maphunziro wa m'boma abwera Lachitatu. Wawerenga nyuzi. Akufuna ndiziyang'anira masewera a sukulu zonse za kuno, mwina ndi kukwezedwa. Akufunanso ndiyankhule kwa ana.

Pamenepo ndiye poyenera. Ana 600, aphunzitsi, mkulu wa boma. Ndidzangoti: sindine, anali bambo a Hilda. Mawu asanu okha. Ndawayeserera m'bafa.

Lachitatu, 18 Novembala

Ana onse pabwalo, m'mizere, dzuwa lili pamutu. Nyimbo ya fuko. Mlendo patebulo la nsalu yoyera, a Morton pambali pake, a malaya ofiira awiri kumbuyo. Mlendo anawerenga nkhani yonse mokweza, kenako: "A Chinkhombe, tauzani anawa, munamudutsa bwanji mzunguyo?"

Ndinaimirira. Mawu asanu aja anali pakamwa penipeni.

Ndinati, "Pozungulira ka 20 ndinali wa nambala 12."

Ndipo ndinaikamba bwino. Sindinakambepo nkhani bwino chotero moyo wanga wonse. Mvula, mapazi opanda nsapato, mmene mzungu anacheukira atamva mpweya kumbuyo kwake. Ndani angaikambe kuposa ine, poti ndinaona zonse ndili pa benchi. Ana kuseka pa tiyi. Mlendo kupukuta maso.

Sitandade 8 imaima kutsogolo, kumanja. Ndinayesetsa kusayang'anako. Pomaliza ndinayang'ana.

Hilda anali akuomba nawo m'manja. Ahedi anali ataima pa mzere wawo, ndodo kukhwapa, kuona amene sakuomba.