Nsomba yofiira ya abwana ikufa

Achimwene,

Nsomba yofiira ya abwana ikufa, ndipo ikafa, ntchito munandisiyira ija yatha. Ine ndi khanda langali, Shakira, tilowera kuti? Pepani, moni ndaika pambuyo. Tili bwino, chifuwa cha Shakira chinasiya.

Mukudziwa kuti yofiira ndi yabuluu zimakhala iliyonse m'galasi lake. Abwana atapita ku Lilongwe ndinazimvera chisoni, chamoyo kumangozungulira chokha ngati chilibe abale. Lolemba ndinaziphatikiza kuti zizicheza. Achimwene, zinalumana! Ndinazilekanitsa ndi sefa wa tiyi, koma yofiirayo zipsepse zatha ngati sanza, ndipo sikudya. Amayi ake a Yusufu, oyandikana nafe aja, anandiseka: "Iwe, atambala awiri khola limodzi?" Akuti ndiikemo matemba a kumtsinje, mwina ingatsitsimuke. Ndakana. Sindiikamonso kanthu inu musananene chimene ingakhale nacho.

Abwana abwera Lachisanu. Sindinama iyayi, ndiwauza ndekha, koma aipeze yamoyo. Munazisamala zaka zisanu, mankhwala ake mukuwadziwa. Mulungu akusungeni kumeneko ku Blantyre. Chonde kwerani basi mawa m'mawa, mubwere ku Balaka.

Mlongo wanu,
Patuma