Boganivila Wanga Wakana Maluwa

Okondedwa achimwene,

Moni. Kuno tilipo, koma amayi chifuwa sichikuwasiya chifukwa cha chiperoni. Kaya inu ku Chiromoko?

Amalume atabwera anandiuza kuti boganivila ndinakuthyolerani uja wakuta khonde lanu lonse ndi maluwa, inu osamuthirira n'komwe. Mtima unandiwawa. Wanga ndi mtengo womwewo, ndimamuthirira tsiku lililonse ndi kumuthira manyowa ngati tiyi wa m'munda, koma angochita masamba okhaokha. Choipa n'chakuti amalume ankanena zimenezi Dona, mkazi wa bwana, akumva. Dzulo wandifunsa ngati mungafune ntchito ya m'dimba kuno, yomwe ndikugwira ineyi.

Chonde munditumizire nthambi za wanuyo, kapena dzuwa lakwanuko linamuphunzitsa. Ndipo Dona akakuitanani, mudzanene kuti kuzizira simukutha.

Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Yohane