Matumba Awiri pa Chitunda cha Tobi

Kurahama
21 Marichi 1993

Okondedwa achemwali a Mitsue,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Osaka pamodzi ndi alamu anga, ndi kuti bondo lija layamba kukumverani chisoni pamene kuzizira kukuthaku. Kuno tilipo. Manachesi tinamaliza kuthyola, ndipo mitengo ndadulira theka lokha. Mukhululuke kalembedwe kangaka. Mukudziwa kuti sukulu ndinaisiyira m'kalasi lachinayi nthawi ya nkhondo ija, ndipo kalata ino ndaiyamba katatu.

Ndalemba chifukwa cha mlamu wanu Sadae ndi mwana wathu Kayoko. Kayoko amakumverani inu azakhali ake kuposa mmene amandimvera ine, ndiye ndati ndikufotokozereni zonse kuyambira pachiyambi.

Monga mukudziwa, chifookereni impso zake, Sadae amapita kukatsukidwa magazi pa makina katatu pa sabata, ku chipatala cha kuseri kwa chilumba. Amayenda pa basi. Tsono basi ija ikusiya kuyenda pa 31 mwezi uno, akuti okwera achepa. Takisi pa chilumba pano ndi imodzi, ndipo mwini wake nyanja ikangochita bata amapita kokawedza. Kayoko atamva, anaimba foni mu Januwale.

"Bambo, basi ikasiya ndikubwera kudzawatenga amayi. Kuno ku Hiroshima chipatala chili pafupi, ngakhale wapansi umafika."

"Nanga ine?" ndinafunsa.

"Nyumba yathu mukuidziwa kuchepa kwake. Inu mutsale ndi mitengo yanuyo, muzibwera kamodzi pa mwezi."

Sadae anamva zonse. Anangotenga tsache n'kukasesa pabwalo pamene anali atasesa kale. Achemwali, zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu sitinagonepo nyumba zosiyana. Kuyambira tsiku limenelo chakudya chinasiya kundikomera.

Ndinaganiza za kanjinga kamoto kanga kaja, ka injini yaing'ono ya saizi 50, ka nambala yoyera kumbuyo. Koma lamulo silola anthu awiri pa njinga ya nambala yoyera, ndiponso sikangakwere nafe chitunda cha Tobi, chimene msewu wa kuchipatala umadutsapo. Ndinapita kwa Genzo. Mukumukumbukira, mwana wa a Shimizu osula zitsulo, amene tinkakhala naye benchi limodzi kusukulu. Pano amakonza njinga zamoto padoko, ndipo pakamwa pake m'pomwe paja.

"Toku, wabwera ndi nkhope ya maliro bwanji? Yafa ndi njinga kapena ndiwe?"

Nditamufotokozera, anatulutsa kabuku ka zipangizo. Anati injini ndi chitini chabe chimene mkati mwake mumakwera ndi kutsika pisitoni. Ukaika chitini chokulirapo ndi pisitoni yake, mphamvu imawonjezeka, ukalembetsa ku ofesi ya tawuni amakupatsa nambala yachikasu, ndipo umaloledwa kunyamula munthu. Anayang'ana laisensi yanga yakale ija, ya nthawi imene ndinkayendetsa galimoto ya matayala atatu, nati imalola. Kenaka anandisonyeza zithunzi za zitini ziwiri zosiyana kukula.

"Iyi ndi ya 75, iyi ndi ya 88. Ya 88 ndiye chilombo, imakwera ngakhale khoma."

"Kuipa kwake n'kotani?"

"Iwe sungayambe wafunsa ubwino wake? Chabwino. Yaikuluyo imatentha msanga. Ikatenthetsa pa chitunda, pisitoni ikhoza kukanirira m'chitini, tayala lakumbuyo n'kuuma gwa."

"Ndiye wokhala kumbuyo?"

"Amauluka. Koma zimenezo zimachitikira zitsiru zothamanga. Iwe unathamangapo liti? Nkhono zimakupempha njira."

Iye ankaseka, koma ine mawu oti amauluka anandikhala m'mutu. Ndikamadulira mitengo ndinkangoona Sadae ali gone pamsewu, chisoti chikugubuduzika kulowera kunyanja. Ndinabwerera kwa Genzo kanayi sabata imeneyo ndi mafunso omwewo, mpaka anandiopseza kuti andimangira galu pakhomo. Pomaliza anati kusankha injini si nkhani ya mtima, ndi nkhani ya katundu.

"Mayi a kunyumba amalemera bwanji?"

Ndinati 55. Ndinayankha mosakayika, chifukwa chaka china tikulongedza manachesi tinamukweza pa sikelo ya makireti mwamasewera, ndipo ndinaona ndi maso anga. Sindinaganize kuti papita zaka khumi ndi zisanu. Nditafika kunyumba ndinamufunsa kuti nditsimikize, koma anati, "Bambo a Kayoko, mukufuna kundigulitsa pa kilo? Mkazi safunsidwa zimenezo."

Genzo ali ndi njinga yake imene anaikamo kale ya 75. Anandibwereka kuti ndiyesere. Tinamanga kumbuyo matumba atatu a feteleza, lililonse makilogalamu 20, kuti tipitirire pang'ono. Pa Tobi njinga inalira ngati mwana wa mbuzi, ndipo pa kona yomaliza ija, pamene pali kafano ka mwala kovala kansalu kofiira, ndinachita kutsitsa miyendo n'kumakankha. Genzo anati basi nkhani yatha, tiitanitse ya 88. Ndinamupempha kuti adikire masiku atatu. Ndinalibe chifukwa china koma mantha.

Tsiku lachiwiri lake, Sadae akubwera kuchokera ku basi, anaterereka pa masitepe okwerera kunyumba kwathu. Sanavulale, musadandaule, anangokhala pansi n'kulephera kudzuka. Ndinamubereka kumsana. Achemwali, msana wanga wanyamula makireti a manachesi zaka makumi asanu, ndipo sunama. Kireti yodzaza ndi makilogalamu 20. Nditaimirira naye, msana unandiuza kuti awa ndi makireti awiri, mwinanso osakwana. M'nyengo yozizira amavala zovala zinayi zinayi, ndipo ine ndinkaona zovalazo n'kumati ndi munthu.

Apa ndiulule chinthu chimene sindinachitepo chikwatirireni. Iye atagona masana amenewo, ndinatsegula chikwama chake n'kutulutsa kabuku ka kuchipatala. Zilembo za madokotala sindizitha, koma manambala ndimawadziwa. Tsamba lililonse lili ndi nambala ya pa sikelo. Chaka chatha mwezi ngati uno inali 46. Pa chikondwerero cha chaka chatsopano inali 41. Tsamba lomaliza linali 38. Ndinabweza kabukuko mmene kanaliri, ndipo mpaka lero ndimachita manyazi ndikachiona chikwamacho.

M'mawa mwake ndinapita kwa Genzo n'kumuuza kuti andibwerekenso njinga, koma timange matumba awiri.

"Awiri? Wapeza mkazi wina wamng'ono, nkhalamba iwe? Ndikawauza mayi."

Anandiyang'ana kanthawi, kenaka anatsitsa thumba limodzi mwakachetechete, n'kumanga chingwe kawiri pamene akadamanga kamodzi. Njinga inakwera Tobi osadandaula n'komwe. Pa kona ya kafano ija sindinasinthe ngakhale giya. Nditafika pamwamba ndinaimika njinga, ndinakhala pamwala moyang'ana matumbawo, ndipo sindikudziwa kuti ndinakhalapo nthawi yaitali bwanji. Masabata onse aja ndinkapempha kuti yaing'onoyo ikwanire. Itakwanira, ndinalakalaka ikadalephera.

Ndinaitanitsa ya 75. Genzo anaiika tsiku limodzi, pamodzi ndi mpando wakumbuyo ndi zopondera mapazi. Anandiuza kuti anyamata ena amangopitiriza ndi nambala yoyera, poti mkati mwa injini palibe amaonamo. Ine ndikadatero, ndikadafa ndi mtima tsiku loyamba kukumana ndi wapolisi. Genzo anandilembera mapepala, ndinapita nawo ku ofesi ndi chidindo changa chosainira, ndipo anandipatsa nambala yachikasu.

Ndinkayesa kuti zatha, koma ayi. Genzo anati pisitoni yatsopano iyenera kuzolowerana ndi chitini chake. Ndiyende makilomita 500 pang'onopang'ono, wopanda katundu, ndisanakweze munthu. Chilumba chathu kuzungulira konse ndi makilomita 25. Ndiye kuti maulendo makumi awiri, ndipo masiku a basi akutha. Ndinkazungulira kawiri pa tsiku, m'mawa ndi masana, mitengo ili chiimire osadulira. Amayi oyanika ndere za m'nyanja padoko anayamba kundiwerengera.

"Ka chisanu ndi chiwiri ako! A Tokuji, mwataya chiyani kodi? Tikuthandizeni kufuna?"

"Asiyeni, akufuna njira yopita ku Tokyo!"

Ndinkangoweramitsa mutu n'kudutsa, khutu lili pa injini. Kaphokoso kalikonse ndinkaima n'kugwira chitini kuti ndimve kutentha, mpaka ndinapsa zala ziwiri. Ulendo wa makumi awiri ndinamaliza Lachisanu. Amayi aja anaomba m'manja, ndipo mmodzi wa iwo, amene mwamuna wake anamwalirira ku chipatala cha kutsidya kwa nyanja iye kulibe, sanaseke nawo. Anangondipatsa kamtolo ka ndere n'kunena kuti ndikawaphikire msuzi mayi.

Lero Lamulungu ndi pamene ndinamukweza Sadae koyamba, kuti tiyesere. Kupita tinapita bwino, koma ndinkangopisa dzanja kumbuyo kuti ndimukhudze bondo, chifukwa sindinkamumva kuti alipo. Manja ake m'chiuno mwanga anali ngati si manja. Tsono ndinayamba kuganiza: lero sanapite pa makina. Akachoka pa makina amakhala wolefuka, mu basi amagona njira yonse. Nanga akagona panjinga? Nanga manja akamasuka pa kona? Pobwerera, pamwamba pa Tobi ndinaima.

"Mwaimiranji? Injini yatentha?"

"Make Kayoko, mwina mwana uja akunena zoona. Mwina upite ku Hiroshima. Ndikuopa kuti ndidzakugwetsa."

Anavula chisoti n'kundiyang'ana.

"Mwazungulira chilumba maulendo makumi awiri, anthu akukusekani, kuti mudzandiuze zimenezi pamwamba pa phiri?"

"Wapepuka kwambiri. Sindikukumva kumbuyoku."

"Ndikudziwa kuti mukudziwa. Kabuku kaja munakabweza chozondoka."

Achemwali, ndinasowa poyang'ana. Iye anatsegula chikwama chomwecho n'kutulutsa nsalu yaitali yobiriwira, yotha m'mbali. Mwina muikumbukira, chifukwa munasoka ndinu. Ndi mbereko ija munatitumizira Kayoko atabadwa. Ine ndinkayesa kuti inatayika kale.

"Ndinaitulutsa m'bokosi tsiku limene munagula mpando," anatero. "Tembenukani. Ine ndinabereka mwana wanu zaka ziwiri m'minda yotsetsereka, sanagwepo. Inu mulephera makilomita asanu ndi anayi?"

Anaizunguliza kumsana kwake, n'kuidutsitsa m'khwapa mwanga, ine n'kumanga mfundo pachifuwa monga ankamangira iye kale. Tisananyamuke anati, "Ku Hiroshima sindipita. Ndikufuna ndidzamve fungo la maluwa a manachesi ndili pakhonde panga. Mukandigwetsa mudzanditola, si ndapepuka?"

Tinatsika Tobi pang'onopang'ono. Tisanafike padoko anali atagona, chisoti chake chitatsamira paphewa langa, ndipo mfundo sinasunthe. Ndinkamva kupuma kwake pamsana. Amayi a padoko atationa sanakuwe chilichonse.

Tsono pempho langa ndi ili. Poyamba ndinkafuna kuti mungomuuza Kayoko kuti zonse zili bwino, njinga yakonzedwa, asavutike. Makalata awiri ndinang'amba aja ankanena zimenezo. Koma muuzeni zoona. Muuzeni nambala ija ya 38, chifukwa ine pa foni ndimalephera kuitchula. Muuzeni kuti amayi ake asankha okha kukhala, ndipo ine ndidzawanyamula Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, mvula kaya dzuwa. Akakwiya, akwiyire ine. Ngati angathe, abwere Lamulungu likudzali pa boti la m'mawa, adzaone yekha mmene timamangira mfundo, adzaikoke ndi manja ake. Mbereko ndi yake yomwe, aidziwa kulimba kwake.

Mantha sanandithere. Mafuta a mu injini ndawayang'ana katatu chibwerereni, ndipo ndikamaliza kalata ino ndikawayang'ananso. Genzo akuti ndikapitiriza chonchi ndidzatha chotsekera chake ndi kutsegulatsegula.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti manachesi a chaka chino anachepa madzi koma kireti yawo ndasunga. Moni kwa ana ndi zidzukulu zonse. Genzo akuti moni, akuti mukadali ndi mlandu wa khofi limene munamumenya ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Sadae akupereka moni wambiri. Akuti ndikuuzeni kuti ulusi wanu sunadukepo ngakhale pamodzi.

Ndikudziwa kuti mumabwera mu Ogasiti, nthawi yokasesa kumanda a makolo. Chaka chino musadikire Ogasiti, achemwali. Maluwa a manachesi amayamba sabata yachiwiri ya Meyi. Bwerani nthawi imeneyo, mudzakhale naye pakhonde. Ndidzakuchingamirani padoko, ndipo ngati bondo likuvuta, mpando wakumbuyo ulipo.

Ndine mlongo wanu,
Tokuji