Makina Anga Sachoka Pawindo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tikudzuka, kupatula dzanja lamanja lija.

Kalata yanu ndalandira. Mwati ndachititsa banja manyazi, mayi wamasiye wa zidzukulu kutenga pathupi. Mwatinso popeza kusoka kwandikanika, makina anga mudzawapereka kwa mng'ono wawo wa alamu. Ndiyankha zonse ziwiri.

Azakhali sananame kuti anandiona pabenchi la amayi oyembekezera. Kuchipatala kwathu chipangizo chounikira m'thupi ndi chimodzi, mzere wakenso umodzi. Anandipeza nditakhala pakati pa mimba ziwiri. Moni sanandipatse, anangothamangira foni.

Akadalowa nane, akadaona kuti mafuta ozizira opaka pounika aja anandipaka pamkono, osati pamimba. Adokotala anati ndigundanitse chala chachikulu ndi cholozera ngati ndikutola singano. Zala zinangoti nyoo, osagundana. Ndiye anayendetsa kachipangizo kuchokera pachigongono kumatsika, maso ali pakanema, mpaka anaima. Anandionetsa mtsempha umene umalamula zala: apa watupa, apo waphwatalala, mnofu waupana ngati ulusi wokodwa m'bobini ya makina. Anati ekisire sikadauona chifukwa imaona mafupa basi. Ulesi wanga umene munkanena uja, achimwene, ndauona ndi maso, uli ndi malo ake.

Ndinafunsa ngati ndidzasokanso. Anati mtsemphawo adzaumasula ndi opaleshoni yaing'ono, koma zala zimachedwa kudzuka, ndipo sakulonjeza kuti zidzabwerera mwakale.

Koma makinawo amapalasidwa ndi phazi, ndipo phazi langa silinadandaulepo. Ulusi ndayamba kulowetsa ndi lamanzere. Dzulo ndapinda siketi. Mpendero wakhota pang'ono, koma mwini wake wavala ndipo akuyenda mwachangu, palibe waona.

Choncho makina ali pawindo pomwe munawasiya, ndipo sachoka. Mng'ono wawo wa alamu akafuna kuphunzira abwere, mpando wina ulipo.

Pempho langa ndi limodzi. Tsiku la opaleshoni mudzandiperekeze, chifukwa ndikuopa. Mudzabwere pabasi, galimoto yodzanyamulira makina muisiye.

Mulungu akusungeni nonse. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Azakhali ndamva ayamba kale kuluka timasokosi ta khanda. Muwauze asaleke, ndidzativala m'zala pozizira.

Ndine mlongo wanu,
Telala, mpaka pano.