Tsamba la Maiwe Atatu

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumeneko? Kuno tilipo. Mpongozi wanu, mkazi wa Yusufu, anachira mwezi wathawu, ndi mwana wamkazi, mphuno yake ngati yanu yomwe ija. Mpunga sunachite bwino chifukwa madzi anachedwa kulowa m'dambo. Nyanja yayamba kubwerera pang'onopang'ono, koma ku Kachulu mabwato ambiri akadali pamatope.

Pali nkhani imene ikundilemera mumtima. Mukukumbukira buku lija la nyanja, limene anthu a midzi ino akulembamo pamodzi zimene akudziwa za nsomba, mbalame ndi mankhwala? Muli gone pamphasa munandituma kuti ndikalembemo za maiwe atatu a mumtsinje mwathu, momwe matemba amabisala nyanja ikauma, amene akuluakulu ankaletsa kuthiramo katupe wophera nsomba. Munkati, "Iwe Asiyatu, fulumira, za m'mutu mwangamu sizidzakudikira."

Ndinabwerako n'kukuuzani kuti ndalemba. Ndinakunamizani, Amayi. Anandibweza. A Nampeya, mlembi wa komiti ya bukulo, anati watsopano aliyense ayambe wachita maphunziro a masiku atatu, chifukwa munthu wina anali atalembamo kuti muzu wakutiwakuti umachiza kolera, anthu n'kukhulupirira. Sindikuwada, lamulolo ndi lanzeru. Koma maphunziro otsatira anali a Ramadani ikatha, ndipo inu simunafikeko.

Ndinakachitabe maphunzirowo kusukulu, titakhala pamadesiki a ana, mawondo akugunda thabwa. Mukanandiona mukanaseka mpaka kutsokomola. Tsiku lomaliza anatiphunzitsa kuti pansi pa nkhani iliyonse pazilembedwa dzina la munthu wamoyo amene anaona yekha zinthuzo, woti anthu angathe kukamufunsa. Ndinaimika mkono. "Nanga ngati mwini nkhaniyo anatisiya?" Mphunzitsiyo anayang'ana pansi. "Pepani mayi, mupeze wina."

Mwa anthu amene anaona nyanja ikuuma ulendo uja inu muli mtsikana, mukudziwa amene watsala. Ndi Abiti Saidi, mkazi mnzanu, amene simunadye naye mbale imodzi chibadwire changa. Ndinazengereza masabata awiri, kenako ndinapita. Ndinawapeza pakhonde, maso atachita ng'ala, ndipo ndinkayembekeza kutukwanidwa. Iwo anatchula maiwe onse atatu monga munkawatchulira inu, osaphonya. Kenako anati, "Mwanangu, amene anandionetsa ndi amayi ako, tisanayambane. Ine ndinkangowanyamulira dengu. Ukalembe dzina lawo." Analira, Amayi. Sindinadziwe poyang'ana.

Nditapempha kulembapo dzina lanu, a Nampeya anakana. Anati akalolera ine, mawa aliyense azibwera ndi mawu a akufa. Ndinafuna kulisiya tsambalo losalemba kusiyana n'kupereka nzeru zanu kwa wina. Koma sabata yomweyo anthu anathira katupe m'dziwe limodzi mwa atatu aja, matemba onse n'kuyandama, ndi tiana tomwe. Ndinatenga cholembera.

Tsopano tsambalo lili m'buku. Mawu onse ndi anu, koma pansi pake palembedwa kuti, "Wanena ndi Abiti Saidi." Analiwerenga kumzikiti ndi kutchalitchi, maiwe awiri otsalawo akuwalondera, ndipo anthu akakumana ndi Abiti Saidi amawathokoza. Ine ndikamva zimandiwawa, sindikubisirani.

Ndikhululukireni pa bodza lija, ndikhululukireninso pa dzinali. Pa sadaka yanu tikakolola, ndidzawerenga tsambalo pamaso pa onse amene adzabwere kudzakukumbukirani, ndipo ndidzanena mokweza mwini wake. Abiti Saidi akuti adzakhala pambali panga kuti achitire umboni. Sindinawapemphe, ananena okha.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Asiyatu