Nsanamira Zamabowo za Tchalitchi Chathu

Lachinayi, mu Julayi. Chiperoni tsiku lonse, koma mumtima mwafunda.

Ndakumbukira Chikondi wanga ali wamng'ono ku Kadewere, akukanikiza phesi la chimanga mpaka linapindika. Anandifunsa chifukwa chake lalifupi silipindika. Ndinangomuuza kuti akasambe.

Lero mwana yemweyo, amene tsopano ndi injiniya, ndinamuperekeza kukaona nsanamira zachitsulo za tchalitchi chathu chatsopano. Ndi zitsulo zija amazing'amba pakati mokhotakhota n'kuzilumikizanso, n'kutsala mabowo. Atayeza anati zatalika kwambiri. Denga likakwera zidzapindikira m'mbali ngati sazigwiriziza ndi zitsulo zopingasa.

A Namame, amene anaziwotcherera, anaseka. "Iwe ndinkakuona ukudya dothi pabwalo pompano."

"Eya, amalume, n'chifukwa chake sindifuna kuti denga likugwereni."

A Namame anakankha nsanamira imodzi ndi phewa. Inagwedera, iwo n'kuvula chipewa.

Denga limayenera kuyamba kukwera Lolemba likubwerali, ndipo akomiti ya tchalitchi akhala akumuzemba mwanayu milungu itatu. Madzulo ano alembi a mpingo abwera okha pakhomo. Akomiti akumana naye Loweruka m'mawa, ndipo alembiwo ati, "A injiniya abwere ndi mapepala awo."