Mbande za Mayi Asiya

4 Disembala 1950

Tafika. Anyamata khumi ndi awiri a sukulu yathu ya ulimi, khumi a sukulu ya aphunzitsi ya mishoni ndi mphunzitsi wawo, a Jameson. Sukulu ziwiri, munda umodzi wa mpunga, monga anagwirizanira akuluakulu. Woyang'anira ndine, Wilson, mwana wa kumapiri amene mpunga ndinaudziwira m'buku. Dambo atibwereka Mayi Asiya, amasiye. Mbewu ndi yawonso, imene anaibisa mumtsuko chaka cha njala ana awo akulira.

11 Disembala

Tafesa nazale kumunsi, pafupi ndi mtsinje, monga likunenera pepala la malangizo a zaulimi. Mayi Asiya anandilozera zinyalala zokodwa pa mkuyu, zofika m'chifuwa mwanga. "Madzi a chaka chatha anafika apo, aphunzitsi." Ndinaseka. Anyamata a mishoni maso onse pa ine, ndikanatani? Ndinati ife timayeza ndi chingwe, osati ndi zinyalala. Nsapato zanga zoyera sizinakhudze matope tsiku lonse, ndipo ndinanyadira.

28 Disembala

Mvula masiku atatu. Nazale yapita yonse. Mchenga wokhawokha ndi zikhomo zanga ziwiri.

30 Disembala

Bwana wa zaulimi wabwera kuchokera ku Salima, nkhope ili psuu. Anafunsa chachitika n'chiyani. Ndinati mayi uja anatsegula ngalande kuti apulumutse mbali yake, madzi n'kuthamangira kwathu. Bodzalo linangotuluka lokha, losalala bwino. A Jameson anayang'ana pansi. Bwana akuti nkhaniyi ipita ku khoti la mfumu, mwina dambo alandidwa. Dambo limene limadyetsa ana anayi.

2 Januwale 1951

Mayi Asiya andibweretsera usipa wouma m'kansengwa, akuti ndawonda. Kaya amva kale, kaya sanamve. Sindinawayang'ane m'maso. Usipawo ndapatsa anyamata.

8 Januwale

Mayi Asiya anatiitanira kuseri kwa nyumba yawo, m'munsi mwa chulu. Mbande zobiriwira, zothithikana, zokwanira munda wonse. Anafesa tsiku lomwe lija tinafesa ife, osauza munthu. Ndinafunsa kuti mbewu anaitenga kuti. "Ndinakupatsani theka lokha. Ndinaona nsapato zanu." Anyamata anaseka mpaka kugwira m'mimba. Inenso ndinaseka nawo, manyazi ali tho.

Tayamba kuwokera. Amene akuphunzitsa ndi iwo. Ine ndimaima pamzere ndi chingwe changa.

12 Januwale

Lero abwera onse, bwana ndi mkulu wa sukulu ya mishoni. Munda anaukonda. Anandigwira chanza, akuti ndinachita nzeru kufesa nazale yachiwiri kumtunda. Sindinakane.

Kenaka bwana anaitana Mayi Asiya za ngalande ija. Womasulira ndine. Ndinawauza mlandu wawo m'Chinyanja. Mayiwo anandiyang'ana, matope mpaka m'maondo mwawo.

"Auzeni zimene mwakonza, aphunzitsi. Ine Chizungu sindimva."

Ndinatembenukira kwa bwana n'kunena kuti mayiwa akupepesa.

Bwana anakondwa. Wawakhululukira, dambo salandidwa. Ndiye kuti zatha bwino, eti? Awakhululukira chimene sanachite, ine andiyamikira chimene sindinachite. Ndipo anyamata makumi awiri ndi awiri aja amamva zinenero zonse ziwiri. Pobwerera palibe anayenda nane. Chipewa changa chinagwa, palibe anatola.

13 Januwale

A Jameson anangoti, "Achimwene, anyamatawa adzakhala aphunzitsi ndi alangizi. Dzulo aphunzira chiyani?"

Ndalemba kalata kwa bwana. Za mkuyu, za ngalande, za mbande, za dzulo. Ndaipereka kwa a Jameson, anali kupita ku Salima pa njinga, kuopa kuti ikagona m'thumba mwanga ndiing'amba. Ntchito mwina yatha. Kwathu ndikanena chiyani, sindikudziwa.

Ndinatsikira kudambo. Kwatsala ndime imodzi yowokera. Ndinaima m'mbali, ndinayamba kuti, "Amayi, ine ndabwera kudza..." Mayi Asiya sanaweramuke n'komwe. Anandiponyera mtolo wa mbande, unagwera pamapazi panga.

"Vulani nsapato."

Ndavula.